Tepi Sinama

Zaka khumi ndi zinayi ndikusoka pakhonde ili ku Chiputula,
moyang'anana ndi mpopi ndi ogulitsa makala.
Ana a dera lino ndimawadziwa ndi manambala:
chifuwa, chiuno, phewa kufika pachigongono.
Mwana akamakula, tepi imandiuza amake asanazindikire.

Towera anabwera mu Januwale, mvula ikuwaza ngati ufa,
atagwidwa dzanja ndi azakhali ake, Nyakumwenda.
"Wachokera ku Euthini uyu. Amake anatisiya.
Tamutenga kuti aphunzire."
Chifuwa, twente sikisi.
Tepi itamugirigisha m'khwapa anaseka.
Kuseka kumeneko ndimakukumbukira bwino
chifukwa sindinakumvenso.

Mu Epulo anabweretsa yunifolomu yong'ambika paphewa.
Nsalu yokodwa pamsomali ndimaidziwa.
Iyi inathothoka pamsoko,
momwe imathothokera munthu akakukoka.
"Ndinagwa," anatero, maso ali pansi.
Ndinasoka. Ndinalandira faifi handiredi. Ndinakhala chete.

Juni, nkhungu ikutsika ku Kaning'ina,
ana onse ali m'majuzi, iye alibe.
Belu la sukulu likulira, iye ali pampopi,
ndowa yachitatu pamutu, khanda la eni nyumba kumsana,
wina akukuwa kumpanda: "Chitsiru iwe, chodya zaulere!"
Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
ndiye anavala juzi,
manja ake atawakokera mpaka kuzala.

Ndinati, bwera ndikuyese, ndikusokere siketi ina.
Nditakweza mkono kuti ndichotse tepi m'khosi mwanga
anabisa mutu,
ngati ndatukula chikuni.
Twente foro.
Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sakula chobwerera.
Ndinayesa kawiri.

M'thumba la siketi yakale munali wani sauzande yopinda kanayi
ndi maswiti awiri osungunuka.
"Wakupatsa ndani?"
"Bambo a kunyumba. Anati ndisanene."
Bambowo ndimawadziwa.
Amadutsa pano madzulo akununkha kachasu,
moni wawo ndi wa manja awiri,
Lamulungu ndi amene amayendetsa mbale ya chopereka.

Ife tinakula tikuuzidwa kuti mwana amawongoka ndi ndodo,
kuti za m'nyumba sizidumpha khomo,
kuti wamkulu salakwa.
Mchemwali wanga Fyness ankanyowetsa mphasa
mpaka zaka khumi ndi zitatu.
Tinkamuseka, tinkati ulesi.
Anadzandiuza chifukwa chake ali ndi imvi,
ali pabedi ku Central, mawu atatha,
mwini dzina lomwe anatchula
titamuika kale ndi nkhata za maluwa
ndi nyimbo zinayi.

Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Mtima wina unkati: Nyamhango, lendi ya khonde,
makasitomala ako ndi anthu omwewa,
iwe ndi telala chabe, soka uzipita.
Mtima wina sunanene kanthu,
unangonditambasulira tepi m'mdima.
Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe,
koma timakonda kunena paukwati,
mbale zikuyenda.

Kutacha ndinavundikira makina ndi chitenje,
ndinakwera sakaramento mpaka kusukulu.
Aphunzitsi ake, Mayi Msowoya, anatsegula kaundula:
masiku sate wani osabwera,
ndipo akabwera amagona pa desiki.
"Ndimati ndi ulesi," anatero, chala chikunjenjemera pamzere.
Tinapitira limodzi ku ofesi yoona za ana kupolisi.
Anafunsa umboni.
Ndinatulutsa kope langa lodetsedwa ndi mafuta a makina,
ndinawaonetsa manambala awiri.

Nyakumwenda sandipatsanso moni.
Ena akuti ndapasula banja la eni,
nsalu zawo akupita nazo kumsika wa Zigwagwa.
Towera akuti ali kwa agogo ake aamuna ku Enukweni,
mlandu ukudikira tsiku.

Siketi ija ndinaimaliza, ili pamsomali apa.
Ndinaisoka pa twente foro,
koma m'kati ndasiyamo msoko waukulu,
zala zinayi mbali iliyonse,
woti ndidzamasule.